Mtengo Wouma Musaudule

Chisomo, Tadala ndi iwe Mphatso, ana anga, nthawi zonse mukabwera kuno ku Mzimba nkhani imakhala imodzimodzi: mtengo wa mapeyala wouma uli kuseri kwa khitchiniwu. Mumati udzagwera denga, mumati ukuchititsa manyazi pakhomo pa munthu amene anagwira ntchito ya zankhalango pafupifupi zaka makumi atatu. Pa Khirisimasi yapitayi Tadala anachita kubwera ndi munthu wa macheka, ine n'kumubweza pageti ngati wakuba, ndipo mayi anu sanandiyankhule masiku awiri. Chifukwa chake sindinakuuzenipo, poti nkhaniyi imandilemera pakamwa. Ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ku Ntchisi mumazidziwa kale, ndiyambire pa ntchito.

Chikangawa, 1994

Ndinafika ku Chikangawa chaka chimene dziko linasankha boma la zipani zambiri. Ndinatsika lole ya matabwa nditavala malaya a manja aafupi, setifiketi yanga ili m'pepala la pulasitiki, mano akuombana ndi chisanu. Nkhungu inali itaphimba msewu moti sindinkaona ndi nsapato zanga zomwe. Itayera, ndinaona mitengo ya paini mizere mizere, phiri ndi phiri, mpaka kumene maso amalekezera. Ndinanyada kwambiri. Kusukulu anatiphunzitsa kuti nkhalango yabwino ndi imeneyo: mitengo yowongoka, ya msinkhu umodzi, yopanda matenda. Chimene sindinachizindikire msanga n'chakuti m'kati mwa paini mumakhala zii. Umatha kuyenda m'mawa wonse osamva kulira kwa mbalame, koma mphepo yokha ndi kupuma kwako.

Bwana wanga woyamba sindimutchula dzina. Tinkamutcha a Mawa, chifukwa ukapempha magambuti ankati bwerani mawa, ukapempha zikwanje bwerani mawa, ngakhale ukapita kukawauza kuti mkazi wako wadwala ankayamba anena kuti mawa kenaka n'kufunsa kuti wati chiyani. Sanali munthu woipa mtima. Zinthu zinkasowadi zaka zimenezo, ndipo iwo anatopa n'kukana, n'kupeza mawu oti asamakane. Anandipatsa gulu la anthu oteteza nkhalango ku moto, ndipo kapitawo wa gululo anali a Zgambo, bambo wachikulire wa kufupi ndi Champhira, wamfupi, wa mapazi ong'ambika, amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Papepala ine ndinali mkulu wawo. Kutchire ankanditsogolera ngati mbuzi yachilendo.

Pakati pa minda iwiri ya paini, kumunsi kwa chigwa, panali kankhalango kachilengedwe kamene obzala paini anakasiya chifukwa cha miyala. Tinkakatcha Kachilumba. Munali misuku, mombo, miwanga ndi mikuyu iwiri m'mbali mwa kamtsinje, ina yopindika, ina ya mphako, ina youma chiimire. M'maso mwanga munali mwauve. Koma ukangolowamo kuchokera mu paini, makutu ankatseguka: agogomole akugogoda, njiwa, apumbwa, atimba, mnthengu ukukalipira aliyense wodutsa. Anthu anga ankakonda kupumira mmenemo masana.

Tsiku lina tikupuma, kambalame kotuwa, kosaoneka bwino n'komwe, kanatera pamwamba pathu n'kuyamba kulongolola ngati munthu akugwedeza bokosi la machesi. A Zgambo anaimirira msangamsanga.

"A Phiri, nyamukani. Solo wabwera."

"Solo ndiye ndani?"

"Kwanu mumati nsadzu. Mbwenu tiyeni, mlendo sadikira."

Nsadzu ndinkangoimva m'nkhani za akuluakulu kwathu, ndipo ndinkayesa nthano. Koma tinaitsata. Iwo ankaimba likhweru, iyo n'kuyankha, n'kuulukira mtengo wakutsogolo ikuonetsa nthenga zoyera za kumchira, n'kutidikira. Patapita kanthawi inasiya kulongolola, inangokhala duu panthambi. A Zgambo analoza muwanga wakale wa mphako, ndipo njuchi zinali kulowa ndi kutuluka. Anayatsa kamtolo ka udzu wauwisi, nafukiza, nakulitsa khomo la mphako ndi kankhwangwa, natapa zisa zingapo, zina n'kuzisiya. Atatero anatseka khomolo ndi mwala ndi dothi kusiya kampata, kuti njuchi zisathawe. Motowo anaukwirira m'dzenje n'kupondaponda, poti anali kapitawo wa moto. Kenaka anasankha chisa chonona, cha ana a njuchi, nachibaya pakamtengo, n'kuvula chipewa.

"Yewo chomene, a solo," anathokoza motero m'chiyankhulo chakwawo.

Ine ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinati, "Inu a Zgambo, munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, kuvulira mbalame chipewa?"

Iwo anati, "Sekani waka. Mukamumana gawo lake, ulendo wina akutengerani kwa njoka. Komanso munthu wakugwirirani ntchito, simungamuthokoze?"

Za njokazo sindinakhulupirire ndipo mpaka lero sindidziwa. Koma uchi ndinadya. Chisomo, nthawi imeneyo unali m'mimba, shuga ankasowa m'kagolosale ka pamsewu, ndipo mayi ako sankafuna chakudya china chilichonse koma phala lothira uchi wa ku Kachilumba. Zaka zitatu zotsatira ndinayenda ndi a Zgambo kumbuyo kwa mbalame imeneyo kambirimbiri. Likhweru lawo ndinaliphunzira, ngakhale ankati ndimaliimba ngati ketulo. Sankanditcha bwana ngati mmene ankachitira enawo. Ankati a Phiri, ndipo pena mwana wane.

Chilimwe cha chaka changa chachinayi

A Mawa anasamutsidwa, n'kubwera bwana wina wachangu, wa nsapato zowala, wokonda kuti zinthu zitheke lero lomwe. Chilimwe chimenecho kunauma msanga, ndipo galimoto yathu yothamangira ku moto inali itakhala pamiyala chifukwa chosowa dizilo. Moto ukabuka kutali tinkapita wapansi, n'kukafika utadya kale munda wonse wa paini. Tsiku lina bwanayo anandiitana mu ofesi. Anati pali munthu wina wa malole amene akuotcha njerwa zambiri ndipo akufuna nkhuni zachilengedwe, poti paini amangoyaka ngati pepala. Tikamupatsa nkhuni, iye atipatsa dizilo wotifikitsa mpaka mvula.

"Kachilumba kanu kaja," anatero, "n'kantchito yanji? Sitigulitsako thabwa ngakhale limodzi. Kachotseni konse, chaka chamawa tibzalepo paini."

Ndinachonderera. Ndinanena za kamtsinje, ndinanena za kukokoloka kwa nthaka, zonse za m'buku. Za nsadzu sindinatchule, ndinkaopa kusekedwa. Bwanayo anati, "Chabwino, a Phiri. Malole asanu adzaze. Mitengo yake musankhe nokha, muike chizindikiro pofika Lachisanu. Mukakana, nditumiza wina, ndipo ameneyo sasankha."

Ndinatuluka mu ofesi muja ndikudziona ngati ndapambana mlandu. Sabata imeneyo a Zgambo kunalibe, anali atapita kwawo ku maliro a mlongo wawo. Ndikanatha kupempha kuti tidikire mpaka iwo abwere. Ndikanatha kukwera lole n'kukawafunsa, si kutali kwenikweni. Maganizo amenewo anandifikira, sindinama, koma ndinawakankha. Ndinati ine ndi amene ndinapita kusukulu ya zankhalango, ndingakafunse kapitawo za kusankha mitengo? Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndithu, lodzaza m'kamwa.

Penti yofiira yoikira chizindikiro inali itatha kalekale, choncho ndinatenga chikwanje, n'kumasema khungwa la mtengo uliwonse woti ugwe. Lamulo la ntchito yathu ndinkalidziwa pamtima: popatulira nkhalango umayamba kuchotsa youma, yodwala, ya mphako ndi yopindika, n'kusiya yanthete yowongoka kuti ikule bwino. Ndinachita zomwezo mosamala kwambiri, masiku awiri athunthu. Mtengo uliwonse wouma chiimire ndinausema. Uliwonse wa bowo ndinausema. Muwanga wa njuchi uja ndinaima pansi pake kanthawi, koma unali wa mphako kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, ndipo wokha ukanadzaza theka la lole n'kupulumutsa timitengo makumi angapo. Ndinausema. Ocheka anabwera Loweruka ndi makina awo, ndipo pofika Lachiwiri malole anali atapita. Kachilumba kanatsala koyera, kopita mphepo, mitengo yokongola yokhayokha. Ndinkayembekeza kuti a Zgambo adzandigwira chanza.

Anabwera Lachitatu m'mawa, ndipo ndinawatenga ndekha kukawaonetsa. Panjira ndinawafotokozera zonse, za dizilo, za mmene ndinalimbanirana ndi bwana. Ankangoti, "Eya, eya." Titalowa anaima. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana zitsa, ndipo anayenda pang'onopang'ono kuchoka pachitsa china kupita pa china ngati munthu wofunafuna manda a mbale wake. Pa chitsa cha muwanga njuchi zochepa zinali kuzungulirabe pautuchi. Chapafupi panali chigamphu cha nthambi youma chimene ocheka anachisiya, chili ndi kabowo kozungulira bwino. Anachitola, nachitembenuza, nachigogoda pachikhatho. Munatuluka tinthenga ndi zikamba za mazira oyera.

"Mukuona ichi?" anatero. "Nyumba ya gogomole. Tizikamba tating'onoti n'take. Ichi chokulirapo n'cha solo."

Ndinati sindikumva.

"Solo samanga nyumba yayi. Amaikira dzira m'nyumba ya gogomole, gogomole n'kumulerera mwana. Ndipo gogomole saboola mtengo wauwisi, amafuna wouma. Njuchi nazo zimafuna mphako. Kadzidzi mphako. Mbwenu imwe mwayenda nyumba ndi nyumba, kusankha mokhala anthu mokhamokha."

"Koma a Zgambo, ndasiya mitengo yambiri. Onani yonseyi. Ikula."

"Ikula, nadi. Ikadzakalamba n'kuchita mphako, ine ndi imwe tili kuti?" Anaika chigamphu chija pansi bwinobwino, ngati muli kanthu kamoyo. "Mukanadula mbali imodzi yonse n'kusiya inayo ndi nkhalamba zake, akanasamukira konko. Apa mwasiya mitengo, bwana, koma mudzi mwaphwasula."

Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Chimene chinandilasa ndi liwu loti bwana. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene anapuma ntchito sananditchenso a Phiri. Ntchito ankagwira monga kale, moni ankapereka ndi ulemu wonse, koma kukapuma ku Kachilumba sankandiitana. Chaka chotsatira ndinkapitako ndekha masana n'kumaimba likhweru langa la ketulo lija. Njiwa zinalipo, apumbwa analipo, koma kugogoda kunalibe, ndipo bokosi la machesi silinagwedezeke. Dizilo anatithandizadi, tinazimitsa moto kangapo chilimwe chimenecho, izi ndiyenera kunena. Bwana anandilembera kalata yondiyamikira kuti ndine wodziwa kupatulira nkhalango, ndipo kalata imeneyo ndi imene inandikweza pantchito. Sukulu imene munaphunzira inu inachokera pa zitsa zimenezo.

Champhira, 2002

Kukwezedwako kunabwera ndi kusamuka. Ananditumiza ku Champhira kukalimbikitsa anthu a m'midzi kubzala mitengo. Anandipatsa njinga yakapalasa yopanda mabuleki ndi mbewu ya bulugama, koma timachubu tofeseramo tinalibe, moti tinkatola mapepala a shuga kumsika. Kenaka kunagwa njala ija imene Tadala amaikumbukira chifukwa cha phala la gaga. Ndani akanamvera za nazale ali ndi njala? Anthu ankatcha ulimbo pamadambo ndi pazitsime, ankagwira chilichonse chouluka, ndi timba yemwe amene nyama yake sidzaza supuni. Mitengo ya m'mapiri inasanduka makala, matumba ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Ine woletsa ndinali ndani? Tsiku lina mayi wina anandigulitsa mpheta zowamba zili pakamtengo, ndipo ndinagula, munadyera nsima inu nomwe. Njala itatha anthu anabwerera m'minda, koma mbalame sizinabwerere zonse. Nkhwali zimene zinkatidzutsa titangofika kumene sindinazimvenso.

Mudzi wa a Zgambo unali ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pamene tinkakhala. Ndinkadziwa, koma ndinatha chaka ndi miyezi ndikuzungulira njira ina. Tsiku lina mwana wawo wamkazi anandipeza pamsika. Anati, "Adada akumva kuti muli kuno. Akuti kodi munalakwirana chiyani chosatha?" Ndinachita manyazi, ndipo Loweruka lake ndinapita, nditanyamula paketi ya shuga ndi sopo.

Ndinawapeza atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, ataonda, maso atayera ndi ng'ala. Sankaonanso. Nditangopereka moni anamwetulira.

"A Phiri! Mwana wane, mwabwera? Khalani apa pafupi, ndikugwireni."

Dzina limenelo ndinali nditalidikira zaka zambiri, ndipo litabwera ndinasendera pafupi nawo. Anandigwira dzanja osalisiya. Tinacheza za a Mawa, za anzathu amene anatisiya, za njala. Anati kumudzi kuno kwakhala chete, m'mawa amadzuka n'kutchera khutu, poti makutu ndiwo maso awo tsopano, koma amangomva akhwangwala ndi wailesi ya kwa aneba. Kenaka anafunsa chimene ndinkaopa.

"Ku Chikangawa mumapitako?"

"Mwa apo ndi apo, kumisonkhano."

"Nanga ku Kachilumba? Solo anabwerera?"

Zoona zake zinali zakuti Kachilumba kunalibenso. Ocheka matabwa atachuluka m'nkhalango muja anamanga zisakasa zawo m'chigwa momwemo, mitengo yanga yowongoka ija n'kukhala mizati ndi nkhuni, ndipo zotsala moto unamaliza. Ndinali nditapitako miyezi itatu m'mbuyomo, n'kupeza utuchi, mabotolo ndi kamtsinje kouma. Ndinayang'ana maso oyera aja, ndipo ndinanama.

"Anabwerera, a Zgambo. Ndinamumva ndekha."

"Analira uli?"

Ndinayesa kutsanzira. Iwo anamvetsera mutu uli pambali, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndapota, a Phiri, mpaka lero ketulo! Bodza simulitha, ngati likhweru lomwe." Anandisisita dzanja. "Kweni yewo. Mwafuna kundisangalatsa. Yewo chomene."

Anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Kumaliro ndinapita, ndinathira nawo dothi, ndipo pobwerera ndinakankha njinga njira yonse chifukwa maso sankaona bwino msewu.

Mzimba Boma, masiku ano

Zaka zanga zomaliza ndinagwirira pa Boma pano, pa desiki, kulemba malipoti a mitengo imene tinabzala ndi kusalemba ya imene inafa. Kwathu ku Ntchisi sindinabwerere, poti mayi anu anazolowera kuno ndipo tinali titamanga kale kanyumba aka. Nditapuma ntchito ndinayamba zimene aneba amazitcha misala ya a Phiri. Ngodya ya kumpanda ndinaletsa kusesa, kuti masamba aole, tizilombo tipezeke, udzu ubereke njere. Ndinabzala mkuyu, mpoza ndi mapapaya oti ena azipsera mumtengo. Phale la mphika wosweka ndinaliika pachitsa, ndipo m'mawa uliwonse ndimathiramo madzi, ngakhale masiku amene pampopi patuluka mpweya wokha. Mankhwala opopera ndiwo zamasamba ndinasiya. Mayi anu amati pakhomo pakuoneka ngati pa munthu wosakwatira, ndipo sakunama.

Zimene zimabwera n'zochepa, ndisakunamizeni ngati mmene ndinanamizira a Zgambo. Akhwangwala ndiwo ambiri, amadzasambira m'phale muja n'kutayira madzi pansi. Kumabwera mpheta, apumbwa awiri okonda papaya, ndi njiwa imodzi yamantha. Tauni yakula, kumene kunali tchire tikubwera kuli nyumba ndi mipanda ya njerwa, ndipo njerwa iliyonse ndikaiona ndimadziwa chimene chinaiotcha. Pena ndimakhala pakhonde m'mawa kuwerenga mitundu ya kulira imene ndikumva, ndipo zala za dzanja limodzi zimakwanira. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, makamaka ndikaona kuti adzukulu anga sakudziwa kuti pali chimene chikusowa.

Mtengo wa mapeyala uja unauma wokha zaka zinayi zapitazo. Ndinatenga nkhwangwa monga aliyense akanachitira, ndinafika pansi pake, ndinayang'ana mbali yoti ugwere. Dzanja linakana. Ndinangoona chigamphu chija pachikhatho cha a Zgambo, ndipo ndinabweza nkhwangwa m'nyumba. Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, ndikumwa tiyi, ndinamva go go go kuseri kwa khitchini. Ndinayesa mayi anu akuswa nkhuni. Nditasuzumira ndinaona gogomole, wamutu wofiira, atakakamira panthambi yaikulu ija. Ndinaima osapuma n'komwe, tiyi n'kuzizira m'manja. Anabwera m'mawa katatu motsatizana, anaboola kabowo kolowa chala chachikulu, kenaka sanabwerenso. Kaya anaphedwa ndi legeni, kaya anasowa mnzake, sindidziwa. Kabowoko kalipo, mukadzabwera ndidzakuonetsani. Ndikagula uchi wa zisa kumsika ndimabaya kachidutswa pakamtengo pansi pake, ndipo mpaka pano zimadya ndi nyerere.

Ndikudziwa kuti nsadzu si mbalame ya m'tauni. Ndinaphunzira zankhalango, musandiyese wopusa. Mwina sidzafika pano ngakhale mtengowo utaima zaka zana. Koma ndinadulapo mitengo youma yambiri m'masiku awiri okha, ndili ndi chikwanje m'manja ndi nzeru zanga zonse, ndipo uwu ndi umodzi wokha umene ndapatsidwa kuti ndiusiye.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikadzapita, nyumba mudzagawane mmene mungafunire, koma mtengowo musaudule. Mukadzaona kuti wapendekera ku khitchini, musunthe khitchiniyo. Malata ake ndi asanu ndi limodzi okha, ndipo njerwa ndaunjika kale kumpanda. Ndipo ngati tsiku lina, kaya ndi inu kaya ndi ana anu, mudzamva pamwamba pake kanthu kakulira ngati bokosi la machesi, mudzavule chipewa, kenaka wina akwere minibasi apite kwa a Zgambo ku Champhira akauze a pabanjapo. Ndinauza munthu wosaona kuti solo anabwerera, ndipo iye anandithokoza akudziwa kuti ndikunama. Ndikufuna bodza limenelo lidzakhale zoona, ngakhale ine kulibe.